Ndevu za Zaka Makumi Awiri

Mwana wamkazi wa atelala anali ndi vuto losamva, koma maso ake sankaphonya kanthu. Ankangoyang'ana milomo ya munthu n'kutola mawu onse, ngakhale miseche ya anzake kuseri kwa kalasi. Luso limeneli anamuphunzitsa ndi Madamu, mphunzitsi amene ankabwera pasukulupo kawiri pa sabata kudzathandiza ana ofunika chisamaliro chapadera, ndipo ankamunyadira osati masewera.

Zinthu zinasokonekera mtsikanayo atalowa kalasi yachinayi. Pamayeso aja oti aphunzitsi amatchula mawu ana n'kumalemba, anapeza ziro. Sabata yotsatira, ziro winanso. Ahedi anaitanitsa Madamu ku ofesi.

"Apatu takanika," anatero ahediwo. "Lachisanu akalepheranso, ndiwauza makolo ake amutumize kusukulu ya ana a vuto losamva."

Sukuluyo inali yogonera komweko, ulendo wa tsiku lathunthu pa basi. Madamu mtima unamuwawa. Mwana wa zaka zisanu ndi zinayi asiye mayi ake ndi azing'ono ake chifukwa cha mawu khumi okha?

Sabata imeneyo Madamu anaganiza zobwera tsiku lililonse. M'mawa mwake anakakhala pabenchi yakutsogolo pambali pa mtsikanayo, n'kutseka makutu ndi thonje kuti aone zimene mwanayo amaona. Aphunzitsi a kalasiyo anali bambo wachikulire wodziwa ntchito, ndipo polankhula ankayang'ana ana bwinobwino. Koma Madamu pokweza maso, pakamwa sipankaoneka n'komwe! Panali ndevu zokhazokha, zolendewera ngati tsache, zikungogwedera. Ana ankawatcha a Chindevu, eni akewo n'kumasangalala nalo dzinalo. Anali ndi kachipeso kakekake ka ndevuzo m'thumba la malaya.

Munthu wamkulu chonchi ungamuyambe bwanji? Madamu anadutsa pakhomo la chipinda cha aphunzitsi katatu asanalimbe mtima n'kulowa.

"Bambo, pepani, ndili ndi kankhani. Mwana uja sakuona milomo yanu."

"Ndimamuyang'anatu ine."

"Mumaterodi, bambo. Kungoti pawindopo pali katani." Madamu analoza pamlomo pake.

A Chindevu anaika kapu ya tiyi pansi mwapang'onopang'ono. "Mwana wanga, ndevuzi zatha zaka makumi awiri. Mdzukulu wanga sanandionepo ndilibe."

Madamu anatulutsa thonje lina m'chikwama. "Ingoyesani kamodzi. Mutseke makutu, muime pagalasi, mudziuze dzina lanu."

Bambowo analandira thonjelo. Madamu anatuluka akudziwa kuti waonjeza, ndipo masiku awiri otsatira a Chindevu sanamupatse moni.

Lachisanu m'kalasi munalowa bambo wina wachilendo, woyererapo pamwamba pa mlomo, wagweru pamano akutsogolo. Ana anaimirira mwaulemu kuti alonjere mlendo.

"Khalani pansi, anthu inu! Ndine yemwe uja!"

Phwete! Kalasi yonse inafa nacho chiseko, ena mpaka kugwa pamabenchi. Madamu, amene anaima kumbuyo, anadzigwira pakamwa, misozi ili m'maso.

Mayeso anayamba. Aphunzitsiwo ankatchula liwu lililonse kawiri, mtsikanayo maso ali pamilomo yawo, pensulo ikuthamanga. Atatha, aphunzitsiwo anayamba kuchonga kope la mtsikanayo pomwepo. Cholembera chofiira chinatsika mzere ndi mzere, kenako chinaima. Anavula magalasi, n'kukodola Madamu kuti abwere.

Mawu onse khumi anali olondola. Koma m'munsi mwake mtsikanayo anali atalemba nambala 11, mwaukhondo ngati zinazo: "Ambuye, muthandizeni mwanayu."

"Izitu sindinatchule mokweza," anatero bambowo. "Ndinangoyendetsa milomo ndekhandekha."

Mtsikanayo ankawayang'ana onse awiri ndi nkhawa, akuganiza kuti walakwitsa penapake. Aphunzitsi anawerama kuti aone milomo yawo bwino, n'kumuuza kuti, "Wakhoza zonse, mwana wanga. Supita kulikonse."

Kenako anapereka kopelo kwa Madamu. "Thamangani nalo kwa ahedi. Mukawauze kuti mwana wathu wapeza khumi ndi limodzi pa khumi."