Tchati Chodulidwa Miyendo

Pensulo anaima pakhomo la kachipinda kogwiriramo ntchito ka alamu ake, maso ali pakhoma. Pamwamba pa kompyuta, pakati pa kalendala ndi chithunzi cha ana, panali pepala lotsatsa malonda limene iye mwini analikonza mwezi wathawo. Alamuwo anali atalimata bwinobwino ndi selotepi m'makona onse anayi, ngati satifiketi ya mwana wakhoza mayeso.

"Lowani alamu, kompyutayi siluma," anatero alamu akewo akumukokera mpando. "Ikungochedwa basi, yatengera mwini wake."

Dzina la Pensulo analitola kuntchito chifukwa cha kuwonda, ndipo linamukakamira mpaka kwa abale. Ntchito yake inali yokonza zotsatsa malonda pasitolo ina yogulitsa zipangizo za makompyuta. Alamu akewo, amuna a achemwali ake aakulu, anali atakhala telala zaka makumi awiri, mpaka zovala zosokeratu za m'masitolo zitawalanda makasitomala. Ntchito yojambula ndi kulumikiza mavidiyo a maukwati anaiphunzira imvi zitayamba kale, pakati pa anyamata oseka zala zawo zolimba, ndipo ankainyadira kwabasi.

Pepala lapakhomalo linkatsatsa khadi latsopano, kachipangizo kamene kamalowetsedwa m'mimba mwa kompyuta kuti zithunzi zizithamanga. Pakati pake panali tchati cha nsanamira ziwiri. Yotuwa, ya khadi lakale, inali kachitsa chabe. Yofiira, ya khadi latsopano, inatalika mpaka kugunda mutu wa pepala.

Pensulo ankadziwa mmene nsanamirazo zinabadwira. Poyesa makhadi awiriwo, lakale linapeza 94, latsopano 102. Tchati choyamba anachijambula kuyambira pa ziro, ndipo nsanamira zinatuluka ngati mapasa. Abwana atachiona anagwedeza mutu, nafunsa ngati Pensulo akufuna kuti katundu achite nkhungu m'shelefu. Kenako ananena mawu amene aliyense muofesimo ankawadziwa: chidule miyendo. Kudula miyendo kunali kuyamba kuwerenga pa 90 m'malo mwa ziro, kuti mbali yaikulu yofanana ibisike, patsale kansonga kosiyanako. Abwana ankati limenelo si bodza, poti manambala onse amalembedwa, wosawerenga ndi zake.

Tinene chilungamo, Pensulo sanakakamizidwe kwenikweni. Anadula miyendoyo akuimba mluzu. Mtundu wofiira anasankha yekha, ndipo palibe anamutuma kuti manambala a m'mbali awachepetse ndi kuwatuwitsa mpaka afanane ndi fumbi. Tsiku limenelo anapita kwawo akudzimva kuti ndi katswiri, ndipo mapepala angapo anakawasiya kwa achemwali ake kuti nawonso aone luso la mlongo wawo.

Tsopano alamu ake ankafotokoza, dzanja lili pamwamba pa kompyuta ngati pamphumi pa wodwala. Khadi lakale analigulitsa, nagula latsopanolo osamuuza, poopa kuoneka ngati akufuna kuchotseredwa mtengo kudzera mwa mlamu. Podalira liwiro latsopanolo, analandira maukwati atatu nthawi imodzi, nalonjeza kuti mavidiyo onse akhala atatheka Lolemba. Lero linali Loweruka masana, ndipo vidiyo yoyamba yomwe inali isanafike ndi pakati pomwe. Kamzere kobiriwira kapasikirini kankayenda mwaulesi womwe uja wa kale.

"Sindinagule mwachimbulimbuli ayi, ndinayeza," anatero alamuwo.

Anatsegula diloo, natulutsa tepi yawo yakale ya utelala, yachikasu, manambala ena atafufutika. Anaiika pa nsanamira yotuwa, kenako pa yofiira, chala chachikulu chikutsina pamalo ake enieni monga ankachitira poyeza mkono wa jekete.

"Iyi folo, iyi thwelofu. Ndiye kuti katatu. Tepi sinandinamizepo, ndipo wojambula ndi mlamu wanga. Ndiye cholakwika chili ndi ine basi."

Anati khadilo analizula ndi kulibwezeretsa katatu, analiuzira fumbi, anasintha mawaya, koma ayi ndithu. Achemwali ake a Pensulo anawauza kale kuti zala zozolowera sizasi zisamagwire zinthu zanthete, ndipo iwo anayamba kuvomereza. Mwina anyamata aja ankanena zoona, ntchito imeneyi si ya madala. Ananena izi akuseka modzikakamiza.

Pensulo anamva manyazi otentha kuyambira m'khosi mpaka m'makutu. Munthu uyu ndi amene anamusokera suti yovala pokafunsira ntchito, nakana kulandira kalikonse. Njira yothawira inalipo, yosalala bwino. Akanatha kutsegula kompyutayo, kugwiragwira mawaya, kunena mawu awiri atatu achingerezi, n'kumaliza ndi kuti vuto ndi magetsi. Anagwadadi pansi, namasula zomangira ziwiri, nayang'ana m'katimo nthawi yaitali. Khadi linali litakhala bwinobwino m'malo mwake, mawaya atamangidwa mwaudongo kuposa mmene amachitira okonza a kusitolo.

Anadzuka, napempha pepala ndi cholembera.

"Alamu, khadi mwaika bwino. Palibe chimene mwalakwitsa. Tayang'anani apa, pansi pa nsanamirazi."

Alamuwo anavala magalasi, nasendeza nkhope pafupi ndi khoma mpaka mphuno kutsala pang'ono kugunda pepala. Anawerenga kanambalako movutikira, nafunsa kuti 90 ikutani pansi pamene tepi iliyonse imayambira pa ziro. Pensulo anayala pepala limene anapempha lija. Anajambula nsanamira ziwiri zathunthu, kuyambira pansi penipeni, ina yotalikirapo pang'ono ngati kachipewa. Kenako anapinda pepalalo, nabisa mbali yonse ya m'munsi, kungotsala nsonga ziwirizo. Anafotokoza kuti khadi latsopanolo limathamangadi, koma ntchito ya maola khumi ndi awiri lingaichite m'maola khumi ndi limodzi, osati anayi.

Alamuwo anatenga pepala lopindalo, nalitambasula, nalipindanso, kawiri konse.

"Anakupatsani chodulidwa kale anthu opanga makhadiwo?" anafunsa, ndipo m'mawu awo munali kupempha.

"Ayi alamu. Ndinadula ndine."

"Mukudziwa?"

"Ndikudziwa."

Pensulo akanakonda alamu ake atamukalipira. Akanakonda atamuponyera tepi ija kumaso, kapena kumutchula mayina amene amayenera munthu wotere. Koma alamuwo anangokulunga tepi yawo pang'onopang'ono pa zala ziwiri, naibweza mu diloo. Anati pa utelala nawonso ankadziwa kubisa msoko wokhota m'kati mwa mpendero, koma sankagulitsa buluku la mwendo umodzi n'kumati winawo uli m'malemba aang'ono. Atatero anatenga foni, nayamba kufufuza manambala a eni maukwati aja, milomo ikuyeserera mawu opepesa. Pensulo anadzipereka kuti abweretse kompyuta yake, agawane ntchitoyo. Iwo anayankha mwaulemu kuti aganizira.

Nthawi yomweyo chitseko chinakankhidwa ndi phazi, ndipo achemwali ake analowa ndi thireyi ya tiyi. Anali mayi wa mawu ambiri, amene anamulera Pensulo makolo atamwalira, ndipo sankatha kucheza ndi mlendo mphindi zisanu osatchula mlongo wawo wa makompyuta. Anaika thireyi pampando, nayang'ana kompyuta yotsegulayo, kenako amuna awo.

"Nanga dokotala wapeza matenda?"

Pensulo anatsegula pakamwa. Mawu anali okonzeka, omwe aja anali atangowanena kumene, koma pamaso pa achemwali ake analemera ngati thumba la simenti. Anachedwa kamphindi kamodzi kokha, ndipo alamu ake anayankha m'malo mwake.

"Wapeza. Ndine ndinasokoneza poika. Ukalambawu."

"Si ndinanena ine?" anatero achemwaliwo mokondwa, akumuthirira Pensulo supuni yachitatu ya shuga monga ankachitira ali mwana. "Mukanamufunsa kaye mwanayu. Za iye sizilakwika. Imwa iwe, uzinenepako."

Pensulo analandira kapuyo ndi manja awiri, nathokoza. Anamwa tiyi yense, achemwali ake akusimba za mnzawo wa kuntchito amene anachita kaso ndi pepala lija, alamu ake akuvomera ndi mutu pamalo oyenera. Mpata wokonza nkhaniyo unabwera kangapo, ndipo ulendo uliwonse iye ankaumeza pamodzi ndi tiyi. Anadzida kwambiri kuposa mmene anadzidera akujambula nsanamira zathunthu zija.

Potsanzika, achemwali ake anamulongedzera malalanje m'jumbo. Alamu ake anadzuka naye limodzi. Zaka zonsezi ankamuperekeza mpaka pamsewu waukulu, akumuseka kuti agwire mtengo mphepo ingamuulutse, ndipo sankabwerera basi isananyamuke. Lero anafika pakhomo, namugwira chanza mwaulemu wonse.

"Muyende bwino, bambo," anatero, natseka chitseko mosapanga phokoso.