Bolodi Silikhala Chitseko

A Stefano anali atazula kale msomali umodzi pamene Marita analowa m'chisakasa n'kugwira bolodilo ndi manja awiri.

"Lisiyeni, bambo aakulu."

Linali tsiku logawa katundu wa malemu a Vinsenti, bambo ake a Marita. Njinga inali itapita kale, jekete chimodzimodzi. Chinatsala ndi bolodi limene malemuwo, atapuma pa uphunzitsi, ankaphunzitsirapo Chingerezi ana a ku Dzoole obwereza mayeso a Fomu 4. Phunziro lomaliza linali lidakalipo: mmene would ndi could amanenera zimene zikanachitika, osatchula chimene chinalepheretsa. Chiganizo chachinayi chinathera panjira, pamene chifuwa chinawagwira.

"Thabwa ili ndi la mng'ono wanga," anatero a Stefano. "Khola langa la mbuzi lilibe chitseko."

"Mayeso atsala masabata atatu. Ana asanu ndi awiri akubwera mawa."

"Awaphunzitsa ndani? Iweyo, wopsereza ndiwo uli ndi buku lachikondi pamiyendo? Ukanakhala mphunzitsi, bwenzi uli ku koleji."

Marita sanachotse manja.

"Ndikanapita, ndikanakhoza, ndikanatero. Ababa ankati mawu amenewo ndi oyankhira mayeso, osati okhalira moyo. Mawa ndiphunzitsa. Mukalitenga, ndikaphunzitsira kukhola kwanuko, mbuzi zikumvera."

Amayi ake, a Susana, anali atakhala pamphasa pakhomo, mpango wakuda kumutu. Chiyambire m'mawa sanatsutse kanthu kalikonse kamene kanatuluka m'nyumba.

"Alamu," anatero motsitsa mawu, "mwambo sindikuukana. Koma litembenuzeni kaye."

A Stefano anakweza mbali yozuka ija n'kusuzumira kuseri. Kunali mayina olembedwa ndi choko, mizere mizere, ena ofufutika ndi zaka. Aliyense amene anakhoza anali ndi kachizindikiro pambali. Asanu ndi awiri apansi analibe.

Chala chawo chinatsika pang'onopang'ono, kenako chinaima.

"Andireya uti ameneyu?"

"Wanu yemweyo," anayankha a Susana. "Chaka chimene munamuletsa kubwereza chija, inu mukuganiza kuti ali kudimba, iye ankakhala pa benchi apo. Ndiwo zamasamba zimene ankabwera nazo madzulo, bambo ake aang'ono ndiwo ankathyola m'dimba lathu."

Andireya tsopano anali mphunzitsi ku Ntchisi, ndipo a Stefano sankatha tsiku osamutchula. Anayang'ana dzinalo kwa nthawi. Kenako anaika msomali pa benchi n'kutuluka, osatsanzika.

Marita anaukhomeranso ndi mwala, ukupindika, iye n'kumauwongola. Atatha anatsegula kachitini ka bambo ake. Munalibe choko chathunthu ngakhale chimodzi, zidutswa zokhazokha, chifukwa a Vinsenti sankalemba okha pabolodi: theka la choko linali lawo, theka la mwana.

Anasankha chachitaliko, n'kuchithyola pakati. Chidutswa china anachisiya pa benchi, ndipo ndi chinacho anamaliza chiganizo chachinayi.