Mapazi a Mkango pa Tebulo Langa

Kwathu ku Cantù mwana wa mmisiri wa matabwa sasankha ntchito. Ine ndinafika zaka makumi atatu ndikusemabe mapazi a mkango pa miyendo ya makabati a bambo anga, a Ottavio, ndipo mikangoyo inali itandifika m'khosi.

Mu 1956 mpata unapezeka. A Ravasi, ojambula mapulani a nyumba ku Milano, ankafuna munthu waluso. Anati ndiwapangire tebulo la polowera m'nyumba, lija loikapo makiyi ndi makalata, akalikonda anditenga.

Ndinalipanga milungu isanu: thabwa lopyapyala, lopindika ngati uta, miyendo iwiri yokha kutsogolo, yoonda chakunsi, yovala tizisoti tamkuwa. Kumbuyo linali loti limangiriridwe kukhoma. Kukongola kwake kunali komweko, linkaoneka ngati likuyandama.

Bambo ankalizungulira tsiku lililonse akupukusa mutu. Ankati tebulo lotsamira khoma ndi chidakwa.

Loweruka ndinapita ku Como kukatenga galasi la pamwamba pake, n'kugona kwa azakhali. Nditabwera Lolemba m'mawa, tsiku loti a Ravasi adzalione, ndinapeza tebulo langa pakati pa shopu, litaima lokha. Bambo anali ataboola thabwa lija n'kulowetsamo miyendo ina iwiri kumbuyo, yonenepa, ya mapazi a mkango. Guluu anali atauma kale gwa. Munthu amene sanajombepo Misa anagwira ntchito Lamlungu lonse, ngakhale ankadwala nyamakazi.

"Egidio mwanawe, sindikanalola kuti uchite manyazi pamaso pa alendo," anatero monyadira. "Taligwedeza uone."

Mtima unandipweteka, ndinafuna kukalipa. Munthu amene wakupweteka chifukwa chokukonda umamukalipira bwanji?

A Ravasi anafika masana. Analiyang'ana tebulolo kutsogolo, analiyang'ana kumbuyo, anayamikira khofi, n'kunena kuti adzalemba kalata. Kalatayo mpaka lero.

Galimoto yawo itangokhota, bambo anandigwira paphewa nati ndisadandaule, anthu a ku Milano sadziwa ntchito, malo anga alipo pompano. Kenako anandipatsa tchizulo, chitsulo chosemera, poti kabati ya adokotala inkadikira mapazi.

Bambo anamwalira kalekale, shopu ndi yanga. Tebulo lija lili polowera m'nyumba mwathu, ndipo m'mawa uliwonse ndimatolapo makiyi a ku shopu. Siligwedera ngakhale pang'ono.