Khutu Lakumanja

Anthu a mumsewu mwathu amanditchula kuti Wailesi, ndipo sindikana ayi, pakamwa panga ndimapadziwa. Ndili ndi zaka khumi ndi zinayi, ndikadali ku pulayimale chifukwa ndinabwereza kawiri. Nkhani za anthu ndayendetsa zambiri, koma iyi ndi ya m'nyumba mwathu, ndipo ndiinena mmene inayendera ngakhale ikundichititsa manyazi.

Amayi ondibereka anamwalira ndili wamng'ono. Chaka chatha abambo, omwe ndi atelala ndipo amasokera pakhonde pathu, anakwatira mkazi wina. Ine ndi amayi ondipezawa sitinamwerane madzi kuyambira tsiku loyamba. Anachotsa chithunzi cha amayi anga pabalaza n'kukachipachika kuchipinda kwanga, eti chinkachita fumbi. Ndinkawaitana kuti amayi abambo akakhalapo basi. Akachokapo ndinkangoti inu. Iwonso ankati ndine waulesi, mbale ndimatsuka ngati ndikuopa kuzipweteka.

Loweruka lina ananditenga kukaona mayi awo, omwe amakhala pamwamba pa mapiri, kozizira koopsa. Basi imakwera maola awiri osapuma. Ine ndinali ndi chimfine, mphuno zonse zitatseka, koma maso anali bwinobwino. Ndinaona mlongo wawo atagona pakhonde masanasana ataledzera. Ndinaona mabeseni atatu otchera madzi odontha kudenga pabalaza. Ndinaonanso mng'ono wawo ali ndi pakati, mwamuna osaoneka ngakhale nsapato yake.

Pobwerera Lamulungu m'basi ndinakhala ndi mayi wina wochezeka, ndipo mukudziwa kale, ndinayamba kumufotokozera zonse, kuyambira mabeseni mpaka mimba. Amayi ondipeza anali pampando wakumbuyo kwathu. Ndinkaganiza kuti agona. Ndinangomva zala zozizira zagwira khutu langa lakumanzere, n'kulipotola kamodzi. Anandinong'oneza kuti nditseke pakamwa ngati sindikufuna kutsikira panjira. Anthu awiri anaseka. Ndinafufuma ndi mkwiyo, n'kuluma mano, n'kulumbira mumtima kuti sinditsegulanso pakamwa mpaka kunyumba.

Kenako basi inayamba kutsetsereka. Ndinkaona anthu ena akuyasamula, ena akutafuna chingamu, ine duu ngati chitsa. Khutu lakumanja linayamba kulemera ngati wina akulikankha ndi chala kuchokera kunja. Linapweteka, kenako mawu onse anayamba kumveka ngati ndamiza mutu mumgolo wa madzi. Pofika padepoti linali litatsekeratu.

Lolemba nditaweruka ndinadutsira pasaluni, pomwe ndimakonda kukhala chifukwa nkhani zonse za mumsewu zimatsikira pamenepo. Amayi oluka tsitsi anandifunsa chifukwa chomwe ndinkapendekera mutu ngati nkhuku. Ndinati khutu silikumva. Anafunsa kuyambira liti, ndinati dzulo m'basi. Anafunsa kuti m'basimo munachitika chiyani.

"Anandipotola khutu aja," ndinatero.

Zonse zinali zoona. Kungoti sindinanene kuti ndi khutu liti.

Pofika madzulo anthu ankati ndinamenyedwa khofi. Lachiwiri khofi lija linali litasanduka kundimenyetsa mutu pawindo la basi, magazi chuchuchu. Ndinkazimva ndi khutu langa labwinolo, osatsutsa. Ndisaname, zinkandikomera. Mayi wa pagolosale anandipatsa masiwiti aulere, n'kumandiyang'ana ngati ndine mwana wotoledwa pamsewu.

Lachitatu nkhani inawapeza azakhali, achemwali awo a abambo. Iwowa mkazi watsopanoyu sanamufunepo, chifukwa anali atawakonzera kale abambo mnzawo wina wa kutchalitchi. Anafika thukuta lili kamukamu, sanapereke ngakhale moni. Anandigoneka pamiyendo pawo, anatenthetsa mafuta ophikira pasupuni, n'kundithira m'khutu, uku akulankhula mokweza kuti oyandikana nafe amve. Ankati mwana wa malemu wasanduka ng'oma yoyeserapo manja, ndipo achimwene awo angokhala phee ngati anawadyetsa.

Abambo anaimitsa makina n'kulowa, tepi ili m'khosi. Amayi ondipeza anaima pakhomo la kukhitchini, manja ali ndi thovu.

"Ndinamupotola, inde, ndipo chifukwa chake akuchidziwa," anatero. "Koma ndinagwira lakumanzere, alamu. Mafuta anuwo mukuthira kumanja."

"Tamumveni. Akuwerenga makutu ngati akugula tomato," anatero azakhali. "Ungakumbuke bwanji iwe, unali utapenga ndi ukali?"

Abambo anandiyang'ana n'kundifunsa kuti linali khutu liti. Onse atatu anali akundiyembekezera. Ndikanati lakumanzere, ndiye kuti masiwiti aja, chisoni chija, zonse zathera pompo, ndipo abambo akanafunsa zomwe ndinkanena m'basi. Ndinayang'ana pansi n'kunena kuti sindikukumbuka.

Abambo salankhula zambiri. Anangoti mawa tonse tipita kuchipatala, ndipo anesi akanena kuti khutuli lawonongeka ndi dzanja la munthu, mkazi wawo abwerera kwawo. Azakhali anawonjezera kuti kapepala ka kuchipatalako akakasiya okha kupolisi. Amayi ondipeza sanalire. Anapukuta manja, analowa kuchipinda, ndipo patapita kanthawi anatulutsa sutikesi yawo yabuluu n'kuiimika pafupi ndi chitseko, kuti aliyense wodutsa azipunthwa nayo.

Kuchipatala tinakhala pabenchi limodzi anthu anayi, koma pakati pa azakhali ndi amayi ondipeza pakanakwana anthu ena awiri. Anesi omwe tinawapeza anali aafupi, a magalasi, ndipo ankaoneka kuti tsikulo anadzukira kumanzere. Anandiunika m'khutu ndi katochi kosongoka, n'kufunsa kuti wathiramo mafuta ndani. Azakhali anayankha monyada kuti ndi iwo. Anesi anawafunsa ngati akuona kuti mutu wa mwanayu ndi felempani. Anati kukanakhala kuti mkatimo mwabooka, mafutawo akanabweretsa matenda ena, ndipo asadzayerekezenso. Azakhali anakoka mlomo.

Atapukuta bwinobwino anaunikanso, makutu onse awiri. Anandifunsa kuti chimfine chinayamba liti, ndiponso ngati ndayenda ulendo masiku amenewa. Nditatchula za kumapiri anagwedeza mutu ngati munthu amene wamva nkhani yomweyo kakhumi.

Anafotokoza kuti mkati mwa khutu muli kachikopa kopyapyala kokungika ngati ka ng'oma, ndipo kuseri kwake kuli kachipinda kokhala mpweya. Kachipindako kali ndi kanjira kakang'ono kotulukira kuseri kwa mphuno, chakukhosi. Kanjirako kamakhala kotseka, kamangotseguka munthu akameza kapena kuyasamula. Pamwamba pa phiri mpweya ndi wopepuka, kumunsi kuno ndi wolemera ndipo umakankha kwambiri. Ndiye potsika, mpweya wakunja umakankhira kachikopa kaja mkati, mpaka munthu ameze, kanjira katseguke, mpweya wina ulowe kuti mbali zonse zifanane. Kuthetheka komwe anthu amamva m'makutu potsika phiri n'komweko. Tsono ine kanjira kanga kanali katatupa ndi chimfine, mpweya unasowa polowera, kachikopa kanangokhala kokankhikira mkati mpaka lero.

"Mpweya?" anatero azakhali. "Ine ndapuma mpweya zaka makumi asanu, sunandigonthetsepo. Inu mukuikira kumbuyo mkazi mnzanu."

"Mayi, ine mkaziyu sindimudziwa, ndipo panja pali anthu makumi atatu," anayankha anesi. "Mukadzapita kumapiriko, mudzatseke botolo lapulasitiki lopanda kanthu muli pamwamba, mutsike nalo. Mudzaliona litakwinyika lokha. Mudzafunse kuti walimenya ndani."

Anandidonthezera mankhwala m'mphuno n'kutiuza kuti tidikire panja pang'ono. Titalowanso anandipatsa kapu ya madzi, anati nditsine mphuno ndimeze. Koyamba palibe chinachitika. Kachiwiri ndinamva kulira ngati pepala likung'ambika. Kachitatu khutu linangoti phwa, ndipo phokoso lonse la chipatala linandigwera nthawi imodzi: ana akulira, wilibala ikukwekwereza pakhonde, azakhali akupumira m'mwamba. Ndinayesa kubisa, koma nkhope inandigulitsa.

Anesi anawauza abambo kuti mkati mulibe bala lililonse, ndipo kupotola khutu kunja sikungachite zimenezi, ngakhale iwo sakuvomereza zopotola ana. Abambo anandifunsanso, pamaso pa anesi pomwepo, kuti linali khutu liti.

"Lakumanzere," ndinatero.

"Unakumbuka liti?"

Azakhali anati mwana wasokonezeka ndi mankhwala, ndipo ali ndi kwina koti afike. Anatisiya pageti.

Kunyumba abambo ananyamula sutikesi ija kuti aibweze kuchipinda, koma amayi ondipeza anaigwira chogwirira. Anati isasunthe kaye. Anati dzina lawo laipa mumsewu monse, kumpopi akafika anthu amasiya kulankhula, ndipo amene analiipitsa ayende nawo akalitsuke pomwe analidetsera. Likayera, akhala. Abambo anati ndi zoona, ndinyamuke.

Tinapita pasaluni, iwo kutsogolo ine kumbuyo. Munali azimayi asanu, wina mutu uli m'chowumitsira tsitsi. Ndinanena zonse. Ndinanena za chimfine, za kachikopa, za mpweya wolemera ndi wopepuka, ngakhale za botolo. Ndinanena kuti khofi kunalibe, windo kunalibe, ndipo khutu lomwe anagwira si lomwe linatseka. Sindinayambe ndafotokozapo nkhani momveka ngati tsiku limenelo.

Amayi oluka tsitsi sanasiye kuluka. Anayang'ana amayi ondipeza kuyambira kumutu mpaka kumapazi, kenako anayang'ana ine.

"Wamuphunzitsa bwino," anatero. "Mpaka mabotolo. Usaope mwanawe, ife tikudziwa. Ukafuna pothawira, pano ndi kwanu."

Enawo anavomereza ndi mitu. Wina anati ana amasiye amaopsezedwa chonchi, amakana ngakhale bala likuonekera. Ndinalumbira, ndinatchula Mulungu, ndinati apite akafunse anesi. Ndikamalimbikira m'pamene ankandimvera chisoni kwambiri. Pagolosale zinali chimodzimodzi. Kumpopi mayi wina anachita kulavula pansi tikudutsa.

Amayi ondipeza anangopitiriza kuyenda. Tikubwerera anaima pakona, n'kundiyang'ana kwa nthawi yaitali. Ndinkayembekezera kuti anditukwana, mwinanso kundimenya zenizeni tsopano, ndipo ndikanakonda zimenezo.

"Wayesetsa," anatero. "Koma bodza lako analikonda kuposa iweyo."

Lachisanu m'mawa ananyamula sutikesi. Abambo anawachonderera pakhonde, anati adikire mwezi umodzi anthu aiwala. Iwo anati sangakhale pamalo pomwe ndimati ndikatsokomola msewu wonse uziwayang'ana manja. Abambo anawanyamulira sutikesi mpaka kudepoti, ine sanandiuze kuti nditsagane nawo.

Atabwerako anakhala pamakina n'kuyamba kusoka yunifolomu ya mwana wa eni. Ndinawapangira tiyi n'kuwaikira pampando. Ndinati abambo, ndikhoza kuwalembera kalata amayi. Anati ndalankhula zokwanira. Tiyi uja anazizira pomwepo, ndipo pofika masana pasaluni ankati mkazi uja wathawa apolisi.