Oyeza Munda Lamulungu

Janeti anali kupalira kachewere pamene mchimwene wake Yoramu anatsika pa kabaza, nkhope ili ndwii. Sanapereke n'komwe moni.

"Ndachokera ku boma, ku ofesi ya zamalo," anatero Yoramu. "Akuti munda uno uli ndi chiletso, sungagulitsidwe mpaka inu muvomere. Wakutumani ndani? Alamu anga a Gracian?"

Munda wa ku Biriwiriwo anagula ndi malemu bambo awo atabwera ku migodi ya ku Joni, ndipo anaulembetsa. Amayi awo okalamba ankalimabe momwemo.

"Mwadzuka bwanji, achimwene?" anatero Janeti, atatsamira khasu. "A Gracian asiyeni. Ndinapita ndekha kukaika chiletsocho."

"Ndiye mwandiyesa wakuba? Ndinakuuzani kuti ndikungobwereketsa."

Janeti anamuyang'ana nsapato zatsopano zimene anavala, mtima ukumuwawa. Yoramu yemweyu ndi amene ankamubereka powoloka mtsinje popita ku Sande sukulu. Anapemphera chamumtima kuti lilime lisamuchimwitse.

"Lamulungu lija mutu unandiwawa, ndinatuluka ulaliki usanathe. Ndinaona anthu awiri akukoka chingwe m'malire muno, inu mukuwalozera. Wobwereka munda amayeza mudzi wonse uli m'tchalitchi?"

"Ndi tsiku lomwe anapeza mpata," anatero Yoramu.

"Galu wamkota sakandira pachabe, achimwene."

"Tamverani, mlongo wanga. Chibale n'fupa, sichiola. Kachotseni chiletsocho, gawo lanu lidzakhala lalikulu. Amayi tidzawauza bwinobwino pambuyo pake."

Apo Janeti anadziwa kuti sanakaikire pachabe.

"Ndikachotsa mawa lomwe," anayankha mofatsa, "mukawauza amayi pamaso panga zimene mwandiuzazi. Awo akubwerawo."

Nkhalambayo inkatsika chitunda pang'onopang'ono, khasu paphewa, ikung'ung'udza nyimbo ya Mvano. Itaona mwana wake inasekerera.

"Yoramu! Ambuye ngabwino, wabwera kudzatithandiza? Chaka chino kachewere wachita, mzere wa atate ako uja ukauone."

Yoramu anayang'ana Janeti, n'kuyang'ananso manja a amayi ake ong'aluka ndi dothi. Wakabaza analiza belu kumsewu.

"Ndabwera, amayi," anatero Yoramu potsiriza.

Anavula nsapato zija, n'kulandira khasu la nkhalambayo. Janeti anabwerera pamzere wake, koma ankamuyang'anabe chammbali. Chiletsocho anachisiya momwemo.