Cholembera Chinali M'dzanja Liti?

Ndakatuloyo inali ya mizere isanu ndi umodzi basi, koma inamuwonongera mayi wamasiyeyo ntchito ya zaka zitatu. Anailemba mnzake wa malemu mwamuna wake, munthu woti pa matenda onse aja sanapondeko pakhomo. Mmenemo ankati malemuyo, yemwe anali mlembi wa mabuku, anamwalira yekha patebulo, cholembera chili m'manja.

Anthu anaikonda ndakatuloyo. Ndiye mayiyo atapita ndi buku lomaliza la mwamuna wake kwa osindikiza, mkonzi anangotsegula masamba awiri n'kumubwezera. Akuti zilembozo si za dzanja la malemu, pomwe aliyense akudziwa kuti malemu ankalemba okha mpaka tsiku lomaliza. Umboni wake? Ndakatulo.

Zoona zake ankazidziwa ndi mayiyo. Sitiroko inapha manja a mwamuna wake, moti ankangonena mawu ali chigonere, mkazi n'kumalemba. Koma anamulumbiritsa kuti asauze munthu. Amuna ndi manyazi awo!

Loweruka anapita kulaibulale, kumene gulu la owerenga linkakambirana ndakatuloyo. Anakhala kumbuyo, makope ali m'chikwama. Mkonzi uja analiponso. Mphunzitsi wina wopuma anati cholemberacho ndi mkondo wa munthu wosagonja. Namwino wamagalasi anati kufa yekhako kukusonyeza kuti ngakhale a m'nyumba mwake analibe naye ntchito. Onse anagwedeza mitu ngati agulo, mwini ndakatulo akumwetulira kutsogolo.

Apa mtima unamuphulika. Iye amene ankamutembenuza, kumusambitsa, kumudyetsa ndi supuni, lero analibe naye ntchito? Anaimirira n'kuyang'ana mwini ndakatulo uja.

"Alamu, cholemberacho chinali m'dzanja liti?"

Bamboyo anakonza tayi, n'kunena kuti ndakatulo sitiifunsa choncho. Atamupanikiza anati lamanja.

Mayiyo anakhuthulira makope asanu ndi awiri patebulo n'kuulula zonse: za sitiroko, za manja ofota, za lumbiro lija. Anawaonetsa chala chake chomwe chinachita chikanga ndi bolopeni. Anali ndi ukali, komanso manyazi poyalula munthu woti sangadziyankhire.

Mphunzitsi uja anang'ung'udza kuti ndakatulo yabwinobwino yawonongeka. Kenako mkonzi anatsokomola.

"Pepani mayi. Koma ngati manja awo anali atafa, tidziwa bwanji kuti mawuwa ndi awo, osati anu?"

Lumbiro mayiyo waswa, ndipo mboni yake yokhayo ili kumanda. Anayamba kutolera makopewo, limodzilimodzi, popanda womuthandiza.