Tchaja Yoyenera

Mkazi wanga atamwalira anatisiyira laputopu yake yakale, ndipo m'katimo munali vidiyo imodzi yokha ya iyeyo. Ali pampando wa pabalaza, wanyamula khanda lathu, akulilankhula n'kumaseka. Khandalo pano ndi mtsikana wa pasukulu, timamutcha Kanjiwa. Mayi ake sawakumbukira, amawadziwira mu vidiyomo.

Tchaja yeniyeni inasowa pa chipwirikiti cha maliro, ndiye ndinangogula ina pamsika. Kuyambira pamenepo laputopuyo inayamba khalidwe lonyansa. Ukaichotsa ku magetsi inkathamanga bwinobwino, koma batire yake ndi yakufa, inkazima usanatsegule n'komwe vidiyo. Ukailumikiza inkakwawa ngati nkhono. Nkhope ya mkazi wanga inkauma, kukamwa kuli yasa, mawu n'kumatuluka modukaduka: "Mwa-mwa-mwana wa-wanga."

Zimenezi zinkandiwawa mpaka m'mafupa. Mkazi ameneyu anali wothamanga pakamwa, pa mkangano sindinamupambanepo ndi tsiku limodzi lomwe. Lero makina azimusandutsa wachibwibwi?

Kanjiwa sankadandaula. Iye ali ndi chibwibwi chenicheni, chija chogwira pakhosi mpaka munthu kutsinzina, ndipo m'kalasi amalankhula pokhapokha aphunzitsi akamuumiriza. Koma akaweruka ankakhala kutsogolo kwa laputopu n'kumacheza ndi mayi ake momasuka, wina kumadikira mnzake amalize. Ine ndinkangoti ndi masewera a ana.

Ndinayesa zonse zimene anthu anandiuza. Ndinafufuta mapulogalamu, ndinauzira fumbi m'timabowo ta m'mbali, ndinaikhazika pa mabuku awiri kuti pansi pazipita mphepo. Mlamu wanga, amene amadziwa chilichonse padziko lapansi kupatula kukhala chete, anati ndi vairasi. Analimbana nayo mpaka thukuta kamukamu, koma palibe chinasintha. Mapeto ake ndinapita nayo kwa wokonza makompyuta wina amene amagwirira ntchito m'kachipinda ka pansi pa masitepe, kuseri kwa sitolo ya nsapato.

Anailumikiza n'kuionetsetsa, kenako anatembenuza tchaja ija n'kuwerenga timalemba ta kumsana kwake.

"Bambo, laputopuyi ilibe mlandu," anatero. "Tchajayi ndi yofooka. Makina akaona kuti moto ukubwera wochepa amachepetsa okha liwiro. Munthu wanjala mungamuthamangitse?"

Anatulutsa ina m'kabati n'kulumikiza. Mkazi wanga anatulukira wathunthu, mawu akuyenda ngati mvula pa malata: "Mwana wanga, taona bambo ako, kugwira kamera kukuwakanika!" Kenako kuseka kwake kuja. Ndinatembenukira kukhoma kuti wokonzayo asaone misozi yanga.

"Tchaja yakaleyi musabwerere nayo, idzakuotcherani nyumba," anatero. Anadula chingwe chake ndi pulayazi n'kuiponya m'katoni ya zinyalala. Ndinamuthokoza ndi mtima wonse.

Kunyumba ndinapeza Kanjiwa akuvula nsapato za kusukulu pakhomo.

"Tabwera udzawaone mayi ako enieni," ndinatero.

Anakhala pampando chikwama chili kumsana. Vidiyo inayenda osakhumudwa paliponse. Ndinkayembekezera kuti adumpha, aseka, andikumbatira. Iye anangoyang'anitsitsa milomo ya mayi ake. Itatha anati ndiibwereze, ndipo ndinaibwereza.

"A-a-adadi, a-akulankhula bwinobwino."

"Eya, mwanawe. Ndi mmene ankalankhulira. Wailesi imachepa."

"Nthawi zo-zonse?"

"Nthawi zonse."

Anayang'ana zala zake. "Ine a-anzanga akamandiseka ndi-ndimawauza kuti ndinatengera a-amayi."

Ndinafuna kunena kanthu, koma tsiku limenelo wachibwibwi ndinali ine. Kanjiwa anatsinzina, khosi likulimbana ndi mawu, mpaka anatuluka.

"Ndiye ndi-ndi-ndinatengera ndani?"

M'mawa mwake ndinabwerera pansi pa masitepe paja. Katoni inali itakhuthulidwa. Wokonzayo anandiyang'ana ngati wamisala nditamupempha tchaja ina yofooka, komabe anafufuza m'kabati n'kundipatsa. Ndinafika nayo pakhomo pathu n'kuima, kiyi ali m'manja. Ndikanamunamiza bwanji mwana amene wamva kale ndi makutu ake? Madzi akatayika saoleka. Tchajayo ili m'dirowa mpaka lero, sindinailumikizepo.

Laputopu ikuyenda bwino, sindinganame. Mkazi wanga amaseka nthawi iliyonse imene ndafuna, ndipo ndimamuonera ndekha. Kanjiwa akaweruka amaidutsa ngati sakuiona, n'kukalowa kuchipinda kwake.

Dzulo ndinagogoda n'kumufunsa ngati angabwere tidzawaonere limodzi mayi ake. Anapukusa mutu. Masiku ano ngakhale ine amandiyankha ndi mutu basi.